Wotsika pa Gilibati

Kwa Chinkhwiri, Mitundu
12 Juni 2023

Mwana wanga Everlyn,

Ndikupatsa moni iwe, amuna ako ndi mwana. Ife kuno tadzuka, kungoti chisanu chalowa m'mawondo. Wogwira cholembera ndi amayi ako monga mwa masiku onse, koma mawu ndi anga, ndipo akatha andiwerengera kuti ndimve ngati sanathiremo mchere wawo. Za foni usandiuzenso. Kuno netiweki imagwira pachulu cha atsibweni ako pokha, ndipo ine pachulu chimenecho sindikwera.

Nkhani ndi iyi. Sabata yatha kunabwera anthu ovala zipewa zachikasu, atanyamula makina a miyendo itatu, kudzayeza msewu wathu uno wochoka ku Mitundu kukatulukira ku Nathenje. Akuti authira phula. Ndinawapatsa mpando pansi pa mkuyu, ndinawatungira madzi. Anamwa, anathokoza, koma zikhomo zawo pano sanakhome. Atafika pachigayo chakale anausiya msewu, n'kulowa m'dambo, n'kuwongoka ngati chingwe mpaka kukadutsa pakhomo pa atsibweni ako a Wilson. Kona yathu ino ya pamkuyu aisiya pambali.

Iwe ukudziwa dzina la malo ano. Ndinachoka ku Ntcheu ndili mnyamata kudzathyola fodya pa esiteti, ndinakwatira amayi ako, ndinakhala mkamwini. Munda umene ndimalima ndi wa amayi ako. Nyumba ili pa dothi la mbumba ya a Wilson. Ngakhale iwe, pa ukwati wako anayankhula ndi a Wilson, ine ndili phee ngati wodzapempha moto. Koma pamkuyu ndinakhalapo ndekha, ndi pampu yanga ndi beseni lofufuzira pobooka machubu, mpaka tsitsi kuyera. Lero kondakitala aliyense, ngakhale wobadwa dzulo, amakuwa kuti "wotsika pa Gilibati." Sinalamule mfumu, silinalembe boma. Anthu anangoyamba okha. M'mudzi muno changa n'chimenecho basi.

Tsono magalimoto akasamukira kudambo adzaima pakhomo pa yani? Atsibweni ako anawaphera nkhuku anthu oyeza aja. Nthenga ndinaziona. Dzana ayamba kuumba njerwa.

Iwe umagwira ntchito ku ofesi ya anthu ojambula misewu. Kawauze mabwana ako abweze msewu pamene unali. Msewuwo sunadandaulepo kuti ukutopa ndi kukhota. Yankho upatse a Dickson a lole ya tomato.

Ndine bambo wako,
Gilibati

Everlyn, apa ndine mayi wako, izi sindiwawerengera. Nkhuku ija inali itayamba kale kusinza, achimwene anangoithamangira isanafe yokha. Bambo akowa sakudya bwino. Ukapeza mafuta opaka mawondo utumize.


Kawale, Lilongwe
21 Juni 2023

Ababa ndi Amayi,

Landirani moni. Ife tili bwino, Pemphero wayamba kuyenda chogwira mipando. Mafuta ndawapatsa a Dickson.

Ababa, ine ku ofesi kuno sindijambula msewu. Ndimataipa makalata, kuyankha foni ndi kulongosola mafayilo. Komabe ndinalimba mtima n'kufunsa bambo wina amene anali nawo kwanuko. Akuti paphula magalimoto amathamanga, ndipo kona ya pamkuyu ndi yakuthwa kwambiri. Inu nomwe mukukumbuka lole ya makala imene inagubuduka pomwepo. Akutinso kuseri kwa mkuyu kuli manda, ndiye kuti akulitse msewu pamenepo akanayenera kufukula anthu. N'chifukwa chake adzera kudambo. Si nkhuku ya atsibweni.

Mwezi wamawa kudzakhala msonkhano pasukulu. Mudzapite mukanene zakukhosi, zonse amalemba.

Atsibweni anabwera Lachitatu lapitali kudzaonetsa diso lawo kuchipatala, anagona kwathu kuno. Nawonso msewuwu wawasowetsa tulo. Akuti zikhomo zadutsa pakati pa dimba lawo, ndipo mitengo ya mango yonse ipita. Bwanji mukhale nawo pansi mukambirane?

Mwana wanu,
Everlyn


Kwa Chinkhwiri
19 Julayi 2023

Everlyn,

Moni. Mafuta ndalandira. Ndi onunkha koma akugwira.

Kani a Wilson akumagona kwanu. Ine bambo wako nyumba yakoyo ndimangomva kuti madzi ali m'kati. Diso lawolo lasankha kudwala pamene msewu wabwera. Zaka zonsezi limaona bwino, mpaka kuona nkhuku zanga zikalowa m'munda mwawo. Anagona chipinda chiti? Unawafunditsa bulangete liti? Usayankhe, ndangofunsa.

Msonkhano unachitika. Kutsogolo kunakhala mayi wina wa magalasi ndi chipepala chachikulu chojambulapo msewu. Anati amene nyumba, mitengo kapena minda yawo yakhudzidwa aimike manja. Manja anaima ambiri. A Wilson anaimika awiri. Amayi ena anafunsa za ana owoloka popita kusukulu. A Petro ogula nyemba anafunsa ngati mlatho udzakwezedwe, poti chaka chilichonse madzi amautsomphola. Kenako ndinaima ine.

Ndinati, "Mayi, ine mwandilanda."

Anayang'ana pachipepala. "Dzina lanu, agogo?"

"Gilibati."

"Takulandani chiyani? Nyumba?"

"Ayi."

"Mitengo?"

"Ayi. Magalimoto."

Anthu anaseka. Mayiyo sanaseke, ndipo pamenepo ndimulemekeza. Anati msewu wakale sautseka, oyenda pansi azidutsabe. Ine ndinati, "Woyenda pansi satsika paliponse, mayi. Amangodutsa." Ndiye atsibweni ako anayankha ali chikhalire, osaima n'komwe, amvekere, "Alamu, ngati mukulira fumbi tikusungirani m'thumba." Anthu anagwa nako kuseka, ena mpaka kupukuta misozi. Amayi ako anaseka nawo. Akukana pano akulemba, koma mapewa ndinawaona.

Madzulo ake a Wilson anabwera kunyumba. Akuti zinali nthabwala za pachilamu. Akuti andipatsa malo pambali pa golosale imene akumanga, ndizikonzerapo njinga. Wamva zimenezo? Ndikakhale m'khonde mwawo. Munthu akafunsa kuti okonza njinga ali kuti, azimuuza kuti pa Wilson. Ndinawayankha kuti khonde ndili nalo langa.

Chimene chandipweteka kwambiri n'cha Lachisanu. Ndinamva wakabaza akuuza mnzake kuti, "Tikakumane pa Wilson." Msewu wake kulibe, kuli zikhomo ndi udzu chabe, koma dzina lafika kale.

Ndaganiza chochita. Mayi wa magalasi ananena yekha kuti pakati pa zikhomo tsopano ndi malo a boma. Si a mbumba ya munthu. Pamenepo palibe womugwadira.

Bambo wako,
Gilibati

Ndine mayi wako. Achimwene anabwera ndi mtima wabwino. Pochoka diso lija linali kukha misozi, kaya ndi matenda kaya ndi mawu a bambo ako. Nyumba yawo aipaka chizindikiro chofiira, zipinda zakutsogolo zidzagwetsedwa. Njerwa zambiri n'zomangira pogona, golosale ndi kachipinda chabe. Bambo ako ataona chizindikirocho anandifunsa kuti nanga yathu bwanji sanaipake.


Kwa Chinkhwiri
4 Seputembala 2023

Everlyn,

Moni, ngati moni wanga ukadali ndi ntchito kwa iwe. Kalata yanga sunayankhe. A Dickson ndikawafunsa amangotambasula manja. Koma ndamva kuti atsibweni ako akumakwera pachulu n'kumayankhula nawe. Zili bwino. Mwana ndi wa atsibweni, ine ndine tambala wobwereka.

Dziwa kuti ndasamuka. Gireda inadutsa kudambo n'kulambula pakati pa zikhomo, yasiya njira yofiira imene akabaza ayamba kudulirapo. Ndanyamula pampu, beseni ndi masipanala, ndamanga chisakasa cha udzu moyang'anizana ndi khomo la a Wilson. Akatsegula chitseko m'mawa, choyamba kuona ndine.

Wakabaza akaima ndimayamba ndamufunsa kuti, "Pano ndi pati?" Akati pa Gilibati, ndimamupopera ulere. Akati pa Wilson, ndimamuuza kuti awoloke, a Wilson akamumatire chubu. Wina anakankha njinga ili ndi matumba a makala mpaka kumsika wa Mitundu. Anatukwana njira yonse, koma waphunzira.

Anthu oyeza anabweranso, akuti ndichoke pamalo a boma. Ndinawauza kuti akadzabwera ndi phula ndidzasendera. Anafunsa ngati ndili ndi chilolezo. Ndinawafunsa ngati iwo anali ndi chilolezo pomwa madzi anga. Anakwera galimoto.

Akazi a Wilson ananditumizira thobwa dzuwa litatentha. Ndinalibweza. Thobwa la lero ndi limene mawa adzati tinkamudyetsa ndife.

Ukafuna kuyankha yankha. Ukapanda kufuna, pepala lisungire atsibweni.

Gilibati

Everlyn, pamkuyu pangokhala pululu. Malole ndi maminibasi akudutsabe komweko, poti kudambo kumapita njinga zokha. A Jenipher, amasiye aja, aika chiwaya cha tchipisi pamthunzi pamene pankakhala bambo ako. Bambo akowo ndawauza, akuti dzina si mbuzi kuti lingathawe.


Kawale, Lilongwe
16 Okutobala 2023

Ababa,

Pepani chifukwa chokhala chete. Pemphero anagonekedwa m'chipatala ndi chibayo, atatuluka n'kubwereranso. Pano ali bwino. Ndinaimbira atsibweni chifukwa foni m'banja mwathu ili ndi iwo okha. Ndinawapempha kuti akuitaneni, akuti munayankha kuti nkhani yoona imabwera papepala. Amayi anabwera pachulu, anamva zonse. Mwina anaopa kukuuzani.

Tsopano ndimvereni, Ababa. Ntchito ya msewu siyamba chaka chino. Mapepala ena sanasainidwe, ndipo mvula ili pafupi. Gireda ija inangolambula kuti oyeza nthaka azidutsa. Phula likhoza kudzafika chaka chamawa kapena kupitirira. Mvula ikagwa dambo lidzadzaza, ngakhale njinga sizidzadutsa. Bwererani pamkuyu magalimoto akadali komweko.

Ku ofesi kuno nkhani yanu yafika. Tsiku lina pa tiyi ankasimba za agogo ena amene amanga chisakasa pakati pa msewu n'kumafunsa anthu mayeso. Onse ankaseka. Ine ndinawauza kuti agogowo ndi bambo anga, ndipo palibe njinga ya m'dera limenelo imene sanaigwirepo. Anasiya kuseka.

Kwathu kuno bwerani tsiku lililonse. Bulangete ndinawafunditsa atsibweni ndi lakale. Latsopano lili m'sutikesi, likudikira inu.

Mwana wanu,
Everlyn


Kwa Chinkhwiri
23 Januwale 2024

Mwana wanga,

Moni kwa nonse, makamaka Pemphero. Za kudwala kwake ndinamva mochedwa, ndipo ndinawakalipira amayi ako. Iwo akuti anandiuza koma ndinali kuyang'ana kwa a Wilson. Mwina n'zoona.

Mawu ako aja sindinawatsatire. Ndinati ndikabwerera pamkuyu mudzi wonse unena kuti Wilson wamuthamangitsa. Ndinakhala. Mvula inabwera, dambo linadzaza monga unanenera, chisakasa chinagwa, beseni ndinakalitola m'dimba la eni. Kwa masabata angapo kunkadutsa achule okha.

Lolemba lapitali ndinapita kuchipatala ku Mitundu ndi mawondowa. Pobwerera ndinakwera minibasi, ndinakhala kumbuyo. Titayandikira mkuyu ndinakonza kale ndodo yanga. Kondakitala anamenya denga, amvekere, "Wotsika pa Chiwaya."

Ndinayesa kuti sindinamve bwino. Amayi awiri anati, "Tilipo." Galimoto inaima, anatsika, fungo la mafuta linalowa. Ndinaona a Jenipher akutakasa tchipisi pamuzu umene ndinkatsamirapo. Anyamata anakhala pa mwala wanga wowongolera malimu a njinga.

Ndinati, "Iwe, pano si pa Gilibati?"

Kondakitala sanatembenuke. Anati, "A Gilibati anasamuka, madala. Ena akuti anamwalira. Mukutsika?"

Sindinatsike. Ndinapitirira mpaka pamlatho, n'kubwerera wapansi m'matope, mawondo omwewa. Amayi ako anandifunsa kuti ndachedwa kuti, ndinati kuchipatala kunali mzere. Akuzimva lero pamene akulemba.

A Jenipher sindiwada, akusaka chodyetsa ana. Koma amene anawauza kuti pamthunzi palibe munthu ndikumudziwa, ngakhale umboni ndilibe. Golosale yake yafika pamawindo. Wagula malata owala, ukamadutsa masana amakuthobwa m'maso.

Chisakasa ndadzutsanso. Pamkuyu papita. Patsala malo amodzi, ndipo pamenepo sindichoka.

Amayi ako ndikudziwa kuti ndikamaliza kuyankhula cholembera chimapitirira. Kuwerenga sinditha koma makutu ndili nawo. Alembe, sindiwaletsa.

Bambo wako,
Gilibati

Poti andilola, ndilemba. Amene anawauza a Jenipher za mthunzi ndine, si achimwene. Ndinati mwina akaona wina wakhalapo abwerera msanga. Ndinalakwa. China n'chakuti akabaza asiya kunena pa Wilson, koma pa Gilibati sakunenanso. Malo a kudambo akuwatchula kuti pa Kaduka. Ngakhale ana a sukulu. Bambo ako sindikudziwa ngati amva.


Kawale, Lilongwe
27 Meyi 2024

Ababa ndi Amayi,

Moni. Tonse tili bwino. Ndili ndi nkhani, ndipo Amayi muwerenge yonse osadumpha.

Ntchito ya msewu iyamba mwezi wamawa. Pa siteji iliyonse adzamanga pokhalira anthu odikira galimoto, ndi kuika chikwangwani cha dzina. Siteji ya kwanuko idzakhala kudambo, pamene pali chisakasa chanu. Mayi wa magalasi uja anapita kukafunsa akabaza ndi madalaivala kuti malowo amawatchula chiyani. Ababa, musakwiye. Onse anati pa Kaduka.

Mayiyo akuti mawu otere sangawalembe pa chikwangwani, chifukwa ndi onyoza munthu. Ndiye anakafunsa mwini nyumba yapafupi, amene ndi atsibweni, kuti mwina alembe dzina lawo. Atsibweni anakana. Akuti, "Lembani Gilibati. Ine ndimakhala m'nyumba, amene wapsa ndi dzuwa n'kunyowa ndi mvula pamenepo ndi alamu anga."

Mayiyo wavomera, koma akuti dzina la munthu wamoyo salilemba mwini wake asanalole. Wandituma ine. Ababa, chimene munkafuna chija n'chimenechi. Dzina lanu lidzakhala pachitsulo, pamsewu wa phula, aliyense wochoka ku Mitundu kupita ku Nathenje adzaliwerenga. Ingonenani kuti eya, mupatse a Dickson yankho sabata ino. Ndipo atsibweni mukawathokoze, ngakhale ndi mawu amodzi.

Mwana wanu,
Everlyn


Kwa Chinkhwiri
30 Meyi 2024

Mwana wanga Everlyn,

Moni. Kalata yako amayi ako awerenga yonse, ndipo pofika pa Kaduka anatsokomola. Sankayenera kuvutika. Dzinalo ndinalimva kale mvula isanathe. Akabaza amayesa kuti munthu akawerama pa tayala ndiye kuti wagontha.

Wagwira ntchito, mwana wanga. Mayi wa magalasi umuthokoze. Koma yankho langa ndi ayi.

Ndikuuze chifukwa, kuti usati bambo akalamba mutu. Dzina la pamkuyu sanandipatse munthu. Ili la pachitsulo likuchokera m'kamwa mwa a Wilson. Iwo analandira, n'kuliyang'ana, n'kunena kuti mupatseni mkamwini uja, ngati malaya amene awathina. Ndikavomera, aliyense wodutsa pamenepo sadzanena za ine. Adzati, taonani mtima wa a Wilson, munthu ankawabwezera thobwa koma iwo anamupatsa siteji. Chikwangwani chidzalembedwa Gilibati koma chidzakhala chikutamanda Wilson usana ndi usiku. Ndiponso kondakitala sawerenga chitsulo. Amakuwa chimene anthu akunena.

Dzulo anaima wakabaza wina, tayala lakumbuyo litaphwa. Ndinamufunsa monga mwa masiku onse kuti pano ndi pati. Anakanda m'mutu, n'kunena chapansipansi kuti pa Gilibati.

Ndinati, "Usandinamize chifukwa cha mpweya. Mukakhala nokha mumati pati?"

Anayang'ana kumapazi. "Pa Kaduka, madala."

"Kaduka ameneyo ndani?"

"Aa, madala."

"Nena. Ndi a Wilson?"

"Ayi."

"Ndi a Jenipher?"

"Ayi. Ndi inu."

"Ine ndi yani?"

"Inu nokha."

Ndinamumatira chubu, ndinamupopera, sindinamulipiritse.

Si dzina lokoma, ndikudziwa. Amayi ako akuti kutchalitchi akhala akuyenda chowerama. Koma palibe anandigawira. Ndinalikhalira ndekha padzuwa, monga ndinakhalira loyamba lija. Uwauze mabwana ako kuti akafuna alembe Kaduka, akachita manyazi asiye chitsulo chopanda kanthu, anthu azinena okha.

Zothokoza a Wilson ndamva. Lero m'mawa atatsegula chitseko anandipatsa moni, ndinayankha. Pakadali pano zikwane zimenezo.

Makina akafika ndidzasendera pambali pang'ono, ndipo phula likauma ndidzakwera minibasi yoyamba kubwera kwanu. Koma chimene ndikudikira kwambiri n'china. Golosale ija yatha, ayamba kuikamo sopo ndi shuga. Tsiku lina atsibweni ako adzapita ku tauni kukapikula katundu, ndipo pobwerera, makatoni ali pamiyendo, kondakitala adzawafunsa kuti akutsikira pati. Ndikufuna ndidzakhale m'galimoto imeneyo, ndidzamve akuyankha.

Ndine bambo wako,
Gilibati